Chilimwe Chimene Ndinalowa M'dzenje la Sowo

Fungo la utuchi wa bulugamu wauwisi limandilanda nzeru mpaka lero. Ndikamadutsa kuseri kwa msika wa ku Sakubva, kumene anyamata amachekera matabwa pa makina, ndimangoima ngati ndaiwala chimene ndadzera. Wogulitsa atandipeza pa nthawi imeneyo akhoza kundigulitsa nsapato ya phazi limodzi, ine n'kuthokoza, ine yemwe ndakalambira pa malonda, yemwe amayi a tomato amavundikira mabeseni akandionera patali. Fungo lake ndi lowawira kukhosi ngati mankhwala a chifuwa. Limandinyamula n'kukanditula kuseri kwa phiri, pa famu ina yoyandikana ndi mishoni ya Old Mutare, m'chilimwe china cha nthawi ya Chitaganya, tauni ino ikadali Umtali.

Bambo anga, a Phiri, anali ocheka matabwa. Anachoka kwathu ku Dedza ine ndisanabadwe, nayendayenda m'mafamu mpaka anakhazikika pamenepo pamodzi ndi malume Dayisoni, mlongo wawo wa amayi. Awiriwa ndiwo ankagwira sowo ya pafamupo, chisowo chachitali kuposa chitseko, cha zogwirira uku ndi uku. Ankachekera m'mphepete mwa nkhalango ya bulugamu, pamene anakumba dzenje loti munthu wamkulu akaimamo mutu suoneka. Chipika ankachigubuduzira pa mitanda iwiri pamwamba pa dzenjelo. Kenaka bambo ankanyika chingwe m'makala osinja osakaniza ndi madzi, n'kuchikunga kuchokera kumutu kwa chipika mpaka kumapeto, n'kuchinyamula pakati ndi zala ziwiri, n'kuchisiya kuti thyapu! Pa mtengo woyerawo pankatsala mzere wakuda woongoka, ndipo ntchito yonse inali yoti mano a sowo asausiye mzerewo.

Wapansi ankakoka, ndipo kukoka kwake ndiko kunkadya mtengo. Wapamwamba ankaima pachipika wopanda nsapato, zala za kuphazi zitakanirira, akubwerera chafutambuyo pang'onopang'ono sowo ikumulondola, iye akuinyamula ndi kuiwongolera. Pamwamba panali pa mwini ntchito. Pansi, pogwera utuchi m'maso ndi m'makutu, panali pa wophunzira, kapena pa mlamu. Chibadwire ndinali ndisanaone bambo atalowa m'dzenje, ndipo pakomboni munthu akafuna kunyoza mnzake pa mowa ankamutchula kuti wam'dzenje.

Nyumba yathu inali ya zidina, yofolera ndi malata akale, ndipo inali ndi windo lenileni lagalasi, lokhalo pa mzere wonse. Amayi ankalipukuta ndi nsanza yonyowa ngati nkhope ya mwana. Koma nyumbayo sinali yathu, inali ya sowo. Wocheka matabwa a famu ndiye ankagonamo, ndipo akasiya kucheka ankatulutsa mphasa zake tsiku lomwelo. Anzathu achishona akachotsedwa ntchito ankamanga katundu n'kupita kumudzi kwawo kuseri kwa mapiri. Ife kumudzi kwathu kunali kumapeto kwa njanji imene ine ndinali ndisanaikwerepo, ndipo chilimwe chimenecho amayi anali oyembekezera, mimba itafika poti powerama kusesa ankayamba agwira khoma.

Dzinja la m'mbuyo mwake madzi anakokolola mlatho wa pa kamtsinje kamene kankalekanitsa minda ya fodya ndi zigafa. Mzungu wa pafamupo analamula kuti mitanda ya mlatho watsopano ichekedwe mvula isanagwe, chifukwa kamtsinjeko kakadzaza palibe akanaimika chipilala m'menemo. Ntchito ili pakati, malume Dayisoni ananyamuka Loweruka lina kuti akukagula tupa yonolera sowo ku Umtali. Tupayo mpaka lero sinafike. Tinadzamva patapita nthawi kuti anakwera sitima ya ku migodi ya malasha ku Wanki, pamodzi ndi mayi wina wogulitsa mabanzi pa siteshoni.

Lolemba m'mawa kunabwera kapitawo wa famu, a Zhuwawo, Msena wa kutsidya kwa malire, wamfupi, wa chipewa chachikulu chokhuthala chimene sankachivula ngakhale m'tchalitchi muli abusa. Anaima pakhomo pathu osatsika panjinga, phazi limodzi lili pansi.

"Phiri, sowo ili ndi zogwirira ziwiri. Iwe manja uli nawo angati?"

"Awiri, kapitawo."

"Onse ali pamwamba. Pansi akoka ndani, mzimu wa mlamu wako? Kwathu kwafika anyamata awiri a ku Penhalonga, sowo amaidziwa, nyumba alibe. Mitanda ikapanda kutha mvula isanagwe, usadzati Zhuwawo ndi woipa."

Atachoka, maso a bambo anatera pa ine. Ndinali mnyamata wa miyendo ngati bango, mawu asanayambe kusintha, koma pakamwa pokha panali patakula kale. Kusukulu ndinali nditasinthanitsa kale legeni yothyoka ndi mpeni wabwinobwino, mwini mpeniyo n'kumadziona wamwayi. Ndiye nditaona kuti anthu akundifuna, ndinachita chimene ndimachita mpaka pano, ndinatchula mtengo. Ndinati ndilowa m'dzenje, koma chisoti chimene malume anasiya pa msomali chikhale changa, ndiponso phoso la malume ndizidya ine, poti ntchito yawo ndi imene ndikukagwira. Amayi anatsegula pakamwa, bambo anawayang'ana, iwo n'kutseka.

"Chabwino," anatero bambo.

Ndinagona wokondwa. Ndinali ndisanaphunzire kuti munthu akavomera mtengo wako woyamba osakunenerera, uyenera kuyamba kuda nkhawa.

M'mawa uliwonse ndinali katswiri. Tinkafika kudzenje mame asanaume, m'menemo muli kuzizira konunkhira dothi ndi utomoni, ndipo sowo inkatsika m'manja mwanga mofewa, shii, shii, ngati munthu wopuma ali mtulo. Utuchi unkagwa wofiirira, wonyowa, n'kumaunjikana pa chisoti cha malume. Ndikakweza maso ndinkaona mng'alu wowala ukutalika pang'onopang'ono pa mimba ya chipika, ndi zidendene za bambo zong'aluka zikusendera m'mbuyo. Nthawi zina bambo ankaimba pansipansi nyimbo ya kwawo, sowo n'kumavomera. Pa maola amenewo ndinkaganiza kuti malume anali waulesi chabe.

Dzuwa likafika paliwombo zinthu zinkasintha. Nyenje zinkalira m'mitengo mpaka m'mutu kuchita kuwawa, ndipo mpweya wa m'dzenje unkaima ngati wa mu uvuni wa njerwa. Sowo inali yomweyo, mtengo womwewo, koma thupi linkayamba kuitana abale. Poyamba mikono yokha inkakwana. Kenaka mapewa ankalowerera, kenaka msana, khosi, mpaka nsagwada ndi zala za kuphazi, onsewo kudzathandiza ntchito imene m'mawa mikono iwiri inkaigwira mosewera. Ndipo monga zimakhalira anthu akachulukana pa ntchito ya munthu mmodzi, aliyense ankakokera kwake. Ndinkapuma ngati ndathamangitsidwa ndi galu pamene sindinasunthe phazi. Ndikafuna kukoka pang'ono, sowo sinkatsika. Ndikawonjezerako pang'ono pokha, inkabwera yonse kamodzi, gwa, mpaka zigongono kugunda m'nthiti.

Tinkapumula pansi pa mtengo wa msuku. Amayi ankatimangira mbatata zophika m'kansalu ndi chigubu cha mahewu, ndipo bambo ankagawa pawiri, gawo lalikulu n'kukankhira kwa ine kuti ndilo la malume. Kawirikawiri ngakhale gawo lawolo ankangolilawa, n'kunena kuti kutentha kwawatsekera kukhosi, ndipo ine, posafuna kuti chakudya chiwonongeke, ndinkawathandiza. Masuku anali atayamba kugwa. Tsiku lina ndinatola limodzi lakupsa kuti ndilitsegule monga tinkachitira, kulifinya pang'ono pakati pa zala kuti khungu ling'aluke. Linaphulika lonse m'manja, nthanga n'kuulukira pa malaya a bambo. Ndinatola lina, ndikuuza zala zanga kuti mofatsa, mofatsa, ndipo nalonso linaphwanyika chimodzimodzi. Zalazo zinkanjenjemera ngati si zanga. Bambo anayang'ana manja anga, kenaka anabisa awo m'khwapa.

Madzulo amayi ankandithowa mikono ndi nsalu yoviika m'madzi otentha, pakhonde, kununkhira utsi wa nkhuni za bulugamu ndi palafini wa koloboyi wa anansi. Batani la malaya linkandikanika kumasula. Ndikanyamula kapu inkafika pakamwa mwaliwiro n'kugunda mano. Ana anzanga ankasewera mpira wachikulunga pabwalo mpaka mdima, ine ndili khale, manja ali pa mawondo ngati nkhalamba. M'nyumba makolo ankalankhula motsitsa, ndipo mawu amene ankadutsa pa chitseko anali amodzimodzi, mvula, nyumba, mwana.

Ndiye mzere unayamba kutithawa. M'mawa sowo inkautsata bwinobwino, koma cha kumasana inkayamba kupatuka, kadzanja kamodzi kumanzere, bambo n'kuibweza, iyo n'kupitirira kumanja. Ankaima, kukhomera kachipika kosongoka mumng'alu kuti sowo ipume, n'kuyambanso. Mtanda umodzi unatuluka wonenepa kumutu, wowonda pakati ngati mavu. A Zhuwawo anaugunda ndi nsapato, nati ngolo ya fodya ikadzakwera pamenepo ng'ombe zidzasambira, n'kulamula kuti udulidwe nkhuni. Bambo sanandikalipire. Kusakalipa kumeneko kunandiwawa kuposa mbama, chifukwa ndinkadziwa ndithu kuti wokhotetsa ndine, ndi kukoka kwanga kwa gwa, gwa.

Sabata imeneyo anyamata a ku Penhalonga anasamukira pakomboni penipeni. Ankakhala pa mitolo yawo pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi khomo lathu, anthu aulemu ndithu, opereka moni m'mawa ndi madzulo. Mkazi wa mmodzi mwa iwo ankabwera kudzapempha moto, ndipo poyembekeza khala maso ake ankayenda pa windo lathu, pa alumali, pa ngodya imene amayi anakonza kuti adzagonekepo khanda. Amayi ankamupatsa motowo akumwetulira, iye akangotembenuka iwo n'kukhala pansi, dzanja lili pamimba. Masana aliwonse mitambo inkaunjikana pamwamba pa mapiri a Vumba, yoyera pamwamba, yakuda kunsi, n'kubalalika dzuwa likamalowa. Pakomboni ponse anthu ankapempherera mvula. M'nyumba mwathu mokha ndimo tinkapempha Mulungu kuti ayambe wadikira.

Tsiku limene tinagubuduzira chipika chomaliza pa mitanda kunacha kopanda mphepo, ntchentche zikumata pankhope. Chinafunika kuchekedwa kamodzi kokha, pakati, kuti chitulutse mitanda iwiri ya mlatho yotsala. Chinali chachitali kuposa zonse, chamfundo. Pofika masana tinali titadutsa theka, ndipo mitambo ija ulendo uno sinabalalike. Inatsika m'mapiri, kuwala kukusanduka kwachikasu, nyenje zonse n'kukhala chete nthawi imodzi. A Zhuwawo anafika panjinga, anyamata a ku Penhalonga akuwatsatira wapansi, sowo yawo atainyamula paphewa itakulungidwa m'chiguduli.

"Phiri, dontho loyamba likagwa pa chipewa changa, utsike. Awa amaliza, ndipo mawa agona m'nyumba."

Pakamwa panga ndipo panayankha, ine ndisanapapatse chilolezo.

"Dontho limodzi si mvula, kapitawo. Ngakhale mbalame imagwetsa dontho."

"Akulankhula pansipo ndani? Utuchi?"

"Ndine Jailosi, kapitawo. Tinene kuti madzi akayamba kuyenda m'ngalande."

"Iwe mupfana, ngalande ikamayenda ndiye kuti mtsinje wadzaza kale. Ukundiyesa wogula nkhuku?"

Anyamata aja anaseka. Tinakokanakokana, iwo ali pamwamba, ine ndikufuula kuchokera m'dzenje, mpaka tinagwirizana kuti nthawi yathu itha madzi akayamba kudontha kuchokera m'mphepete mwa chipewa chawo. Ndinali nditachiyang'anitsitsa chipewacho. Chinali chokhuthala ngati bulangete, choti chimwe madzi ambiri chisanayambe kulavula.

Tinayambanso, ndipo tinayamba mothamanga, kumene kunali kulakwa. Bingu linagunda kutali, cha ku tauni. Mikono yanga inali itayaka kale moto, mapewa atauma, ndipo ndinaluma mano n'kumakoka ndi thupi lonse. Pamwamba nyimbo panalibe. Ndinkamva kupuma kwa bambo kokha, kokhala ngati munthu akung'amba nsalu, ndipo sowo pokwera inkagwedezeka, kugunda mbali iyi ndi iyo ya mng'alu. Tinafika pa mfundo. Sowo inakakamira, ine ndinakoka, inakana, ndinadzipachika pa chogwirira ndi kulemera kwanga konse, ndipo inalumpha.

Dontho linandigwera patsaya. Ndinati basi, mvula ija yafika. Linagwa lachiwiri pa dzanja, lofunda, ndipo nditaliyang'ana linali lofiira.

Ndinatuluka m'dzenje chokwawa. Bambo anali atakhala pachipika, atagwira phazi lamanzere. Mano a sowo anali atadutsa m'mbali mwa chala chachikulu, nyama ili pululu. Bambo anang'amba mkono wa malaya awo ndi mano, nayesa kumanga, koma nsonga ziwiri za nsanzayo zinkalephera kukumana m'zala zawo. Anayesa kachiwiri. Mmodzi wa anyamata a ku Penhalonga anagwada n'kuwamangira, osawayang'ana kumaso.

"Ndine, bambo," ndinatero, mawu akutuluka ang'onoang'ono. "Ndinakoka kwambiri."

"Si iwe." Anaimirira, nayesa kuponda pachipika ndi phazi lija, ndipo linakana. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana mzere umene unatsala, wotalika ngati munthu atagona. Kenaka anandiyang'ana. "Kwera."

"Pamwamba, bambo?"

"M'makutu mwadzaza utuchi? Kwera."

Ndipo bambo anga, a Phiri, pamaso pa kapitawo ndi pa alendo, anakhala m'mphepete mwa dzenje n'kutsetserekeramo. Mnyamata winayo ananena m'Chishona kuti mdala wadziika yekha m'manda, koma palibe anaseka naye.

Pamwamba panali patali kuposa mmene pankaonekera. Chipika chinali choterera ndi utomoni ndi magazi, ndipo mphepo yoyamba inali itafika, yonunkhira fumbi lonyowa, ikugwedeza nsonga za bulugamu. Ndinagwira chogwirira cha bambo, chosalala, chofunda, chokumbika pamene zala zawo zinkakhala. Ndinakonzeka kunyamula chisowo chonsecho, ndikudziwa kuti sinditha. Koma chinakwera chokha. Bambo ankachikankha kuchokera pansi, n'kuchikokanso, ndipo ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa, chifukwa chilowereni m'dzenje ine ndinali ndisanakankhepo sowo m'mwamba ngakhale kamodzi. Ndinkangokoka, n'kusiya manja kuti akwere nayo. Palibe anandiuza kuti wapansi amakankhanso.

"Usalimbane nayo," mawu anatuluka pansi pa mapazi anga. "Igwire ngati mwanapiye. Iwe yang'ana mzere basi, zinazo n'zanga."

Kukoka kwa bambo kunali koopsa. Kunalibe muyeso, kwina kwakufupi, kwina kotsika mpaka chogwirira kundigunda m'mawondo, ndipo chipika chonse chinkanjenjemera. Koma kunali ndi mphamvu zoti mfundo ija inadutsidwa ngati mbatata. Ntchito yanga inali yaing'ono, kupotoza dzanja pang'ono sowo ikafuna kupatuka, kusendeza phazi, kupotozanso. Mapewa anga anali atatha, koma timinofu ta m'manja timene ntchito imeneyi inkafuna tinali tisanagwiritsidwe kwenikweni tsiku limenelo, ndipo m'mimba mwanga munali mbatata za anthu awiri. Mano a sowo analowa pakati pa mzere wakuda n'kukhala momwemo.

Madontho enieni anayamba, akuluakulu, otalikirana, akugwa pa masamba ouma kuti pha, pha. Ndinaba kuyang'ana kamodzi. Chipewa cha a Zhuwawo chinali ndi mawanga akuda, ndipo iwo anaima chilili, manja kumbuyo. Madontho anachuluka. Ndiye ndinaona chimene sindinachiganizire pokambirana paja, makala a mzere anayamba kusungunuka. Mzere unafufuma, n'kuyamba kuyenderera m'mbali mwa chipika ngati misozi. Patsogolo pa zala zanga panatsala mthunzi chabe wa pamene unali, ndiponso kachizindikiro kamene bambo anatema ndi chikwanje kumapeto. Ndinayang'ana kachizindikiroko pakati pa miyendo yanga, ndinayang'ana mng'alu umene tinadutsa kale, n'kuika sowo pakati pa ziwirizo. Ndinkafuna kufinya chogwirira ndi mphamvu zonse. Ndinadziletsa, ndikunong'ona kuti mwanapiye, mwanapiye.

Mvula inakhuthuka. Malaya anamata pamsana, utuchi unasanduka phala, ndipo ndinkadikira mawu a kapitawo nthawi iliyonse. Sanabwere. Nditatembenuzira diso kumeneko ndinaona mutu wa a Zhuwawo koyamba m'moyo wanga, dazi lonyezimira madzi akuyenderera. Chipewa anali atachipinda n'kuchilowetsa m'jekete.

"Ukuyang'ana chiyani, mupfana?" anakalipa. "Chipewa ichi n'chodula. Chinyowe chifukwa cha anthu a ku Nyasalande? Cheka!"

Ndinatsikira pa mtanda wochirikiza kuti sowo idutse pamene ndinaima. Inatsika kawiri, katatu, kenaka chipika chinalira kuti kwee, n'kutseguka pakati ngati buku. A Zhuwawo anayenda m'mbali mwake, akutsata mng'alu ndi chala, mvula ikuwamenya padazi. Pamene panachekedwa masana panali mafunde. Chigawo chomaliza chinali choongoka. Anati mafundewo adzayang'ana pansi, nsomba sizidandaula, nauza anyamata a ku Penhalonga kuti m'nkhalango ya kumtunda mukufunika odula mitengo, akagone ku zigafa. Kenaka anakankha njinga yawo m'matope n'kumapita.

Bambo sanatuluke m'dzenje. Ndinawapeza atatsamira khoma, madzi ali m'akakolo, manja akadali m'mwamba pa chogwirira. Zala zinakana kutseguka. Anyamata aja anachita kuzitambasula chimodzichimodzi, n'kuwatulutsa atawagwira m'khwapa. Kunyumba amayi anatiyembekeza pakhomo, madzi a padenga akugwera m'ndowa. Anangoyang'ana nkhope ya bambo n'kubweza kamtolo ka ziwiya kamene anali atamanga kale. Anatsuka bala ndi madzi amchere, napereka tiyi wa shuga wambiri. Kapu inagwedezeka m'manja mwa bambo, tiyi n'kutayikira pa miyendo. Amayi anaitenga, naigwirizira pakamwa pawo monga amwetsera mwana, ndipo bambo anamwa maso ali otseka. Mlongo wanga anabadwira m'nyumba imeneyo mvula ili mkati.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba mondikomera. Ndinkati ndinapweteka bambo ndi kukoka kwanga, kenaka ndinawapulumutsa ndi diso langa, ndipo pakati pakepo ndinagonjetsa kapitawo pa malonda. Ndinkakhulupirira kuti munthu wamphamvu ndi wamphamvu pa zonse, ndi kuti kutopa ndi kutha kwa mphamvu, monga madzi amathera mumtsuko. Bambo atamwalira, amayi ndi amene anandiuza, akusenda nandolo, kuti phoso la malume linaimitsidwa sabata yomwe iwo anathawa. Gawo limene ndinkadya pansi pa msuku linalibe mwini wina koma bambo. Munthu ameneyo ankanyamula chisowo yekha kuyambira m'mawa, m'mimba muli theka la mbatata, kenaka n'kumayembekezera kuti manja omwewo atsate mzere wopyapyala ngati ulusi.

Tsopano ndikudziwa kuti mphamvu sizimayamba kutha. Chimayamba kutha ndi muyeso. Mkono wotopa umawononga zambiri pa ntchito yochepa, ndipo umakhala ngati wogula amene watsala ndi ndalama yaikulu yokha, wopanda chenje, woti akafuna kupereka pang'ono amapereka zonse. Bambo anazindikira zimenezi ataima pachipika ndi phazi lokha magazi. Anaona chimene chawathera ndi chimene chawatsalira, ndipo anatenga chotsalacho n'kupita nacho kumene chikanagwira ntchito, ngakhale kunali kumalo konyozeka. Masiku ano msika ukamatsekedwa, thumba la nyemba ndimathabe kulikweza pangolo ndekha, achinyamata n'kumandiombera m'manja. Koma likafunika kusokedwa pakamwa, ulusi umakana kulowa pa singano. Ndimaitana mdzukulu wanga, iye n'kusoka, ine nditagwira thumba.